Cifukwa cake kompyuta siipeza ng'ombe zathu

Ku wailesi timasunga mapepala a mapulogalamu akale mu kompyuta imodzi. Tsiku lina tinafuna zonse zimene tinaulutsapo pa matenda a ng'ombe, cifukwa alimi anali kutuma mafoni kufunsa za dibu. Tinatinika Ctrl+F, tinalemba "ng'ombe", ndipo panatuluka malo atatu cabe. Koma tinali kudziŵa kuti nkhaniyo tinaikamba nyengo yonse ya dzinja. Pulogalamu inapita pa mphepo yopelewela.

Mlandu unayamba kale, mu 1963, pamene ku America anakhazikitsa ASCII, mndandanda wopatsa cilembo ciliconse nambala yake. Munali malo 128 cabe, okwanila Cizungu. Kompyuta siona cilembo monga tionela ise, imayelekezela manambala. Kacizindikilo ka mu ng' kali pa nambala 39, ndipo ndi kowongoka monga ka pa taipi.

Zolembela za pa sikilini zinakulila ku Xerox PARC ku California. Mu 1974 Butler Lampson ndi Charles Simonyi anapanga Bravo, imene inali kuonetsa tsamba monga mmene lidzatulukila pa pepala. Simonyi anapita ku Microsoft mu 1981, ndipo Word inatuluka mu 1983. M'kupita kwa zaka Word inayamba kukongoletsa zolemba yokha: ukatinika kowongoka, iyo imaikapo kopindika. Kwa Mzungu ni cokongoletsa cabe. Kwa ise kacizindikilo aka ndiye kamasiyanitsa ng'oma ndi ngoma, cida coimbila ndi nyama ya m'thengo. Mapepala athu ena analembedwa pa foni, ena mu Word, ndipo mapulogalamu ena osakila amaona tuŵili utu ngati zilembo zosiyana. Enanso mwa anzathu sanali kukaika n'komwe, anali kungolemba "ngombe".

Nanga ŵ? Mu ASCII munalibe. Inapeza malo mu Unicode, imene inayamba mu 1991, ndipo tili nayo pamodzi ndi anthu a ku Wales amene amailembanso m'citundu cao. Mu Word mukalemba 0175 n'kutinika Alt+X, imatuluka. Koma ŵ ingalembedwenso ngati w yoikidwa kacisoti kapadela pamwamba. Pa maso n'zofanana, kwa kompyuta n'ziŵili.

Vuto lina ni lathu tokha, sitinganamizile a ku California. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunzilo kuno ku Zambia unavomeleza mu 1977 kamalemba "cakudya", pamene anzathu a ku Malaŵi amalemba "chakudya". Ise "nchito", iwo "ntchito". Ku Chipata kuno timaŵelenga za mbali zonse ziŵili, ndipo wolemba mmodzi amasakaniza m'ndime imodzimodzi osadziŵa.

Lomba tinaphunzila kusaka ndi cidutswa ca liwu. Timalemba "ombe", "akudya", "chito". Pamatuluka zinyalala zina, monga "nyombe" kapena "gombe", koma kudumpha zosafunika n'kosavuta kuposa kutaya zofunika. Timacotsanso congela pa kabokosi ka mawu athunthu, cifukwa mneni wathu sayenda yekha: "lima" abisala mu "tinalima" ndi "adzalimanso".

Titasaka "ombe" m'mapepala aja, tinapeza nkhani ya dibu yonse, pamodzi ndi masiku amene a zoŵeta anali atalengeza. Tinaiulutsa sabata yotsatila.