Mafunde Amene Anabadwira ku Nkhondo

Aliyense amene anamvapo bingu likugunda pafupi akudziwa kuti phokoso lake silithera m'makutu mokha. Limagwedeza zitseko, limanjenjemeretsa madzi a mu mtsuko, ndipo munthu amalimva m'chifuwa ngati wina wam'kankha. Kukankha kumeneko ndi funde la mphamvu limene limabadwa pamene chinthu chaphulika mwadzidzidzi, ndipo m'Chingerezi amalitchula kuti shock wave. Lero m'zipatala zambiri za mafizo pa dziko lapansi muli makina otulutsa mafunde otere, ndipo amawagwiritsa ntchito pa anthu amene akhala miyezi yambiri akumva ululu wa chidendene, phewa kapena chigongono. Kodi chinthu chowononga chotere chinalowa bwanji m'manja mwa ochiritsa? Mbiri yake ndi yofunika kuidziwa, makamaka kwa banja limene lili ndi wodwala ndipo likuganiza zotaya ndalama pa chithandizo chatsopano.

Nkhaniyi inayambira pa nyanja, m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Madokotala ankalandira asilikali amene anali m'madzi pamene mabomba ankaphulika pansi pa nyanja. Pakhungu pawo panalibe bala, koma mapapo ndi matumbo zinali zitang'ambika. Chifukwa chake n'chakuti mbali yaikulu ya thupi la munthu ndi madzi, motero funde limadutsa m'mnofu monga lidutsira m'nyanja, osauvulaza kwenikweni. Koma likafika pamene mnofu wakumana ndi chinthu chosiyana nawo, monga mpweya wa m'mapapo kapena chinthu cholimba, pamenepo ndi pamene limatula ukali wake wonse.

Nkhondo itatha, ena mwa amene anapitiriza kufufuza za mafundewa anali opanga ndege. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a kampani ya Dornier, ku Friedrichshafen m'dziko la Germany, ankafuna kudziwa chifukwa chimene madontho a mvula ankakumbira timaenje pa zitsulo za ndege zothamanga koposa liwiro la phokoso. Anapeza kuti dontho lililonse likamenya chitsulo limabala funde logunda. Tsono panabadwa funso: ngati funde limadutsa m'mnofu koma n'kuphwanya cholimba, kodi silingaphwanye mwala wa mu impso, wodwalayo osang'ambidwa pamimba?

Akatswiriwo anagwirizana ndi madokotala a mu mzinda wa Munich, ndipo anagwira ntchito zaka zingapo. Makina awo ankathethetsa moto wa magetsi m'madzi, ndipo mbale yachitsulo yolowa m'kati inkasonkhanitsa mafundewo kuti akakumane pamalo amodzi, monga mmene galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka kuyatsa udzu. Pa 7 February 1980, pa chipatala cha Grosshadern ku Munich, Dokotala Christian Chaussy ndi anzake anagoneka wodwala woyamba m'bafa la madzi, nalunjikitsa mafunde pa impso yake. Mwala unasweka kukhala mchenga umene unatuluka ndi mkodzo. Pofika 1984 dziko la America linali litavomereza makinawo, ndipo opaleshoni yotsegula impso pochotsa miyala inayamba kuchepa m'maiko ambiri.

Gawo lachiwiri la mbiriyi linabadwa ndi mantha. Miyala ina imatsikira m'munsi, m'njira ya mkodzo, pafupi ndi mafupa a m'chiuno, ndipo madokotala anada nkhawa kuti mafunde ophwanya mwala aphwanyanso fupa. Pakati pa zaka za m'ma 1980 Dokotala Gerald Haupt wa ku Bochum, ku Germany komweko, anayesa mafundewo pa mafupa a nyama kuti aone kukula kwa ngoziyo. Zimene anapeza zinali zosiyana ndi zimene ankaopa: fupa logundidwa linkadzuka n'kuyamba kumanga fupa latsopano. Mu 1991 madokotala awiri a ku Bulgaria, Valchanou ndi Michailov, analemba za odwala amene mafupa awo othyoka anali atakana kulumikizana kwa nthawi yaitali, koma analumikizana atalandira mafundewa. Mwala ulibe moyo, motero umangosweka. Fupa lili ndi moyo, motero limayankha.

Kuchokera ku mafupa, chithandizochi chinafika ku mitsempha yolimba imene imamangirira minofu ku mafupa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Germany anachiyesa pa phewa limene mtsempha wake waunjikana zoyera zonga njereza, matenda amene amalepheretsa munthu kukweza mkono ngakhale kugonera mbali imeneyo. Mu 1993 ku Switzerland kunatuluka OssaTron, makina opangidwira mafupa ndi mitsempha, ndipo mu 2000 boma la America linawavomereza pa ululu wa chidendene wosamva chithandizo china, ululu uja umene umabaya ngati minga munthu akangoponda pansi m'mawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabweranso makina ang'onoang'ono ogwira m'manja, mmene mpweya wopopedwa umaponya kachitsulo m'kati mwa paipi kuti kakamenye mutu wokhudza khungu. Mafunde ake ndi ofatsa ndipo salowa patali, koma makinawo ndi otsika mtengo ndiponso safuna chipinda cha opaleshoni. Ndiwo amene anatulutsa chithandizochi m'manja mwa madokotala a opaleshoni okha n'kuchifikitsa kwa akatswiri a mafizo. Kawirikawiri wodwala amagundidwa pafupifupi ka 2,000 pa ulendo umodzi wa mphindi zochepa, ndipo amabwerera katatu mpaka kasanu, kamodzi pa mlungu.

Ofufuza amafotokoza kuti pa mtsempha mafundewa saphwanya kanthu. Mtsempha uli ndi magazi ochepa, motero ukavulala umachedwa kupola, ndipo nthawi zina ntchito yopola imaima panjira. Kugunda kumautsa ntchitoyo: timitsempha tatsopano ta magazi timamera, ndipo minyewa yonyamula ululu imayamba kufatsa. Wochiritsa weniweni ndi thupi lomwelo. Makina amangogogoda pakhomo.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chithandizochi chitatchuka, ena anayamba kuchitama ngati mankhwala a nthenda iliyonse, ndipo kunafunika anthu olimba mtima oti achiyese mopanda tsankho. Njira yake ndi yogawa odwala pawiri: ena amalandira mafunde enieni, ena onamizira, popanda wodwala kudziwa gulu lake. Mu 2002 Dokotala Rachelle Buchbinder ndi anzake ku Melbourne, ku Australia, anachita zimenezi pa odwala chidendene, ndipo magulu onse awiri anapeza bwino mofanana. Mu 2003 Dokotala Ludger Gerdesmeyer ndi anzake ku Germany anayesa odwala 144 a phewa la njereza lija, ndipo uko mafunde enieni anapambana onamizira moonekeratu. Mu 2005 bungwe la Cochrane, litasonkhanitsa kafukufuku wa ululu wa chigongono, linapeza phindu lochepa kapena losaoneka n'komwe. Kafukufuku wina wa chidendene wa zaka zotsatira anapeza kuti odwala ena amathandizikadi. Choncho chithunzi chonse ndi ichi: mafundewa amathandiza pa matenda ena, mwa anthu ena, ndipo mphamvu yake ndi mlingo wake zili ndi kanthu.

Phunziro la mbiriyi kwa ife, owerenga okondedwa, ndi lakuti anthu amene anatipatsa chithandizochi anapita patsogolo chifukwa chovomera zimene anaona, ngakhale pamene zinatsutsa zimene ankayembekeza. Haupt anafuna ngozi napeza machiritso. Buchbinder anayesa chithandizo chotamandidwa napeza kuti mbiri yake inaposa ntchito yake. Onse awiri anatumikira odwala mofanana.

Motero ngati m'banja mwanu muli mayi amene chidendene chamusautsa, kapena bambo amene phewa lamuletsa kugwira khasu, musathamangire makina. Odwala chidendene ambiri amachira m'kati mwa chaka chimodzi ndi zinthu wamba: kuongola minofu ya katumba ndi ya kuphazi tsiku ndi tsiku, nsapato zoyenera, ndi kuchepetsa katundu. Mafunde ndi a ululu umene wakana zonsezi kwa miyezi yambiri, ndipo amayenda pamodzi ndi mafizo, salowa m'malo mwake. Sayenera kwa mayi woyembekezera, kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi, pamalo pamene pali chotupa cha khansa, kapena pa mafupa a mwana amene akukulabe. Ululu sutha tsiku lomwelo; kusintha kumaoneka pakapita milungu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musanapereke ndalama, funsani wochiritsayo mafunso awiri: kodi nthenda yanga dzina lake n'chiyani, ndipo kodi pa nthenda imeneyi mafundewa anayesedwa napezeka othandiza?