Liwiro la Mumchenga: Mbiri ya Njira ya ku Sukulu

Mwambi umene ndautola lero ndi uja wakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Aliyense amene adathamangapo pa mchenga wa kunyanja kapena wa m'khwawa louma akudziwa chimene makolo ankanena. Phazi limatitimira, mphamvu imathera pansi, ndipo mnzako akangotsogola pang'ono sungamupezenso. Mwambiwu ndidaulemba pa bolodi kambirimbiri, ana n'kumaukopera m'makope mwawo, koma tanthauzo lake lidandilowa mochedwa, ndili kale mphunzitsi wamkulu, nditaimirira pafupi ndi belu, ndodo ili m'manja, kudikira ochedwa. Belu limalira nthawi imodzi kwa onse, koma ana sanyamukira pamalo amodzi. Olemba mbiri ya maphunziro amakonda kusimba za mayeso, za mabuku ndi za nduna. Ine ndisimba za njira imene imalumikiza khomo la mwana ndi khomo la kalasi, pakuti njira imeneyo ndiyo idasankha ambiri a ife amene tidaphunzira, nkusiya anzathu anzeru kutiposa.

Sukulu zidafika m'dziko muno ndi amishoni. A Livingstonia adayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre mu 1876, a Anglican adakhazikika pa Likoma mu 1885, a Dutch Reformed pa Mvera mu 1889 kenaka pa Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika adafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Boma la atsamunda silidakhale ndi nthambi yoona za maphunziro kufikira 1926. Motero kwa zaka makumi asanu, malo omangapo sukulu ankasankhidwa ndi mmishoni, potsata kumene kudali madzi abwino, mpweya wozizira ndi mfumu yomulola. Za kutalika kwa miyendo ya mwana padalibe woganizako.

Kuzungulira mishoni iliyonse kudali timasukulu ta m'midzi, tofolera ndi udzu, tophunzitsa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu. Ofuna kupitirira pamenepo ankayenera kupita ku sukulu yaikulu ya pa mishoni. Apa ndi pamene padabadwa lamulo losalembedwa limene lidakalipo mpaka lero, lakuti ukakwera kalasi, njira nayonso italika. Anyamata a ku Livingstonia, itasamukira ku Khondowe mu 1894, ankayenda masiku angapo, nkukwera phiri lija la msewu wa Gorodi wokhotakhota ngati njoka. Za sekondale ndiye musanene. Ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Zomba mu 1942, ya Dedza mu 1951, ndipo kwa kanthawi ndithu dziko lonse linkathamangira makomo atatu amenewa. Oyang'anira sukulu achizungu a masiku oyambirira ankayendera midzi atanyamulidwa pa machila, choncho mtunda ankaumva ndi mapewa a anthu ena.

Ine ndidayamba Sabu A m'chaka cha 1958, m'dera la mapiri m'chigawo cha pakati, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Achinyamata a lero akamva zimenezi amaseka. Aphunzitsi ankatiyesa potiuza kuti tidutsitse dzanja pamwamba pa mutu nkugwira khutu la mbali inayo, pakuti zikalata za tsiku lobadwa kudalibe. Koma kunyumba kudali muyeso wina woposa wa khutu. Atate ankayang'ana miyendo. Mwana wosakhoza kuyenda mamailosi asanu kupita ndi asanu kubwerera sankamulembetsa, ngakhale dzanja litafika pa khutu.

Wotchi yathu idali tambala wachiwiri ndi nthanda. Kukakhala mitambo, kapena mwezi ukawala kwambiri nkunamiza tambala, tinkanyamuka pakati pa usiku, nkukagona pa khonde la kalasi kudikira kuti kuche. Woyamba kudzuka ankaimba likhweru podutsa pa nyumba za anzake, ndipo tinkasonkhana pansi pa mkuyu wa kumapeto a mudzi, pakuti kuyenda awiri si mantha. Wamkulu ankatsogola kukutumula mame, aang'ono pakati, wina wamkulu pambuyo. Udzu wa mwezi wa Marichi unkatiposa msinkhu, ndipo tinkafika kabudula ali chonyowa ngati tagwa m'madzi. M'chisanu cha Juni tinkatenga chikuni cha moto kapena mwala wootcha pa phulusa, nkumapatsirana m'manja kufikira utazizira. Nsapato ndidayamba kuvala ndili Sitandade 5. M'thumba la nsalu mudali sileti, mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga, ndipo amene adalibe kanthu tsiku limenelo ankadya nawo popanda kupempha.

Njira imeneyo idalinso ndi mwambo wake, ndipo poti tsamba lino ndi la miyambo, ndilole ndichedwepo. Ukakumana ndi munthu wamkulu unkapatuka, nkumusiyira njira. Mnyamata ankanjuta ndi kuomba m'manja, mtsikana ankagwada, ngakhale belu likumveka kale patali. Mayi wosenza mtolo wolemera unkamulandira kufikira pamphambano. Podutsa pa manda tinkakhala chete, osaloza chala. Ukapeza masamba atayalidwa pa msewu unkadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta, ndipo wa njinga ankatsika nkuikankha, chipewa chili m'manja. Mwambo umenewu wokha ndiwo ndikuuonabe ukulimba, ngakhale oyendetsa galimoto amachepetsa liwiro akaona masamba. Ndipo padali zilombo. M'nyengo ya chilimwe, gule akatuluka ku dambwe, ife ana a sukulu ya mishoni tinkathawira m'tchire, pakuti udani wa pakati pa mishoni ndi dambwe udali wakale, ndipo mnyamata wosalowa wonyamula sileti sankaonedwa bwino. Lero Gule Wamkulu ndi chuma chodziwika pa dziko lonse, chimene bungwe la UNESCO lidachilemekeza mu 2005, ndipo mafumu ambiri adaletsa zilombo kusokoneza ana a sukulu. Koma masiku amenewo mamailosi asanu ankasanduka asanu ndi awiri chifukwa cholambalala.

Mfumu ya njira yonse idali mtsinje. Ulalo wathu udali mitengo iwiri yogoneka, ndipo chaka ndi chaka madzi a Januwale ankaukokolola. Tinkavula, nkumanga malaya ndi sileti pamutu, nkuoloka titagwirana manja, aatali kumtunda kwa madzi. Akadzaza kufika m'chifuwa tinkabwerera. Atsikana amene tidayamba nawo Sabu A adali ambiri ndithu, koma pofika Sitandade 3 adatsala awiri. Mtsikana wotha msinkhu sakadavula pamaso pa anyamata, ndiponso asadanyamuke ankayenera kutunga madzi ndi kusesa. Palibe adawachotsa sukulu ndi pakamwa. Njira idawachotsa yokha.

Chinthu choyamba chimene chidafupikitsa mtunda ndi njinga. Zambiri zidabwera ndi amuna obwerera ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo mwini Raleigh kapena Humber ankaipukuta koposa mmene ankasambitsira ana ake. Mwana wa sukulu sankaikhudza. Idali ya aphunzitsi, a kalaliki ndi a mesenjala. Ine yanga yoyamba ndidagula nditatuluka ku koleji ya aphunzitsi, kwacha itangolowa kumene m'malo mwa mapaundi mu 1971, ndipo ndiyo inkanditengera ku boma kukalandira malipiro mwezi ukatha.

Mabasi adayamba ndi kampani ya Nyasaland Transport mu 1947, imene pambuyo pake idatchedwa United Transport Malawi, ife nkumangoti UTM. Kwa mwana wa kumudzi basi idali ya katatu pa chaka, potsegulira ndi potsekera sukulu zogonera komweko, sutikesi yachitsulo ili pamwamba pa denga. A kunyanja ankakwera Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, ndipo a ku Nsanje, Balaka ndi Salima ankadalira sitima ya pamtunda. Basi ya UTM idali ndi nthawi yake yolembedwa, ndipo kumidzi ina anthu ankadziwa kuti dzuwa lafika pati pomva kulira kwake. A Stagecoach atatenga kampaniyo mu 1989 adabweretsa mabasi osanjikiza mu Blantyre, ndipo anthu ankakwera pamwamba kungofuna kuona mzinda. Adatsatira a Shire Bus Lines, amenenso adatha, ndipo msewu udatsala m'manja mwa minibasi, matola ndi kabaza. Izi zimafika kumene basi yaikulu sinkafika, ndiyenera kuvomera. Koma minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo wa pantchito amene bwana wake amayang'ana wotchi amakhala pa siteji mtima uli m'mwamba. Ambiri sakwera n'komwe. Imirirani m'mamawa pa njira zotsika ku Ndirande kulowera ku Makata, kapena zochokera ku Area 25 kupita ku Kanengo, mudzaona mtsinje wa anthu oyenda pansi, chifukwa mtengo wa minibasi wa mwezi wonse ungadye gawo lalikulu la malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba.

Chaka cha 1994 chidasintha zambiri. Boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo. Timasukulu tatsopano tidamera m'midzi, tina pansi pa mitengo, ndipo ngakhale tinkadandaula za kuchepa kwa mabuku ndi aphunzitsi, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi adayamba kupeza kalasi pamtunda woti miyendo yake ingathe. Koma lamulo lija la amishoni silidafe, lidangosamuka. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa masekondale oyendera, ma CDSS, ndipo njira yaitali idasamukira ku Fomu 1. Ena amapalasa njinga makilomita khumi kapena kuposa. Ena amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu nkumadziphikira okha, opanda wamkulu wowayang'anira. Ndipo mtsikana wotopa akapatsidwa ulendo waulere pa kabaza kawiri katatu, ife akale tikudziwa kumene nkhaniyo imathera. Madzi nawonso sadasiye ufumu wawo. Osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 adadula milatho yambiri kummwera, makalasi nkusanduka misasa ya othawa madzi.

Tsopano ndinene chimene chidandilembetsa zonsezi. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu chiyambire maphunziro aulere, ndili mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina imene sinditchula, padali mtsikana wa Sitandade 7 wochedwa pafupifupi tsiku lililonse. Masamu ankakhoza kuposa anyamata onse. Ine, amene ndidaoloka mitsinje ndili wamaliseche, ndidali nditaiwala. Ndinkati m'mene ife tidapirira, iwonso apirire. Ndidamutchetchetsa bwalo, ndidamukumbitsa dzenje la zinyalala, ndipo pomwe ankagwira chilangocho anzake ankaphunzira, motero wochedwa ndi theka la ola ankataya maola awiri. Tsiku lina ndidamufunsa pamaso pa sukulu yonse ngati kwawo kulibe tambala. Ana adaseka. Iye adagwada nati, "Pepani aphunzitsi, ndidzayesetsa." Sabata yotsatira sadabwere.

Patatha masabata atatu ndidatenga njinga Loweruka kukamufuna. Ndidapalasa kufikira njira idakana njinga, ndidaisiya pa nyumba ya munthu, ndidaoloka dambo madzi ali m'mawondo, nkukwera chitunda. Ndidatha maola awiri, ine mwamuna wamkulu wokhala ndi njinga theka la ulendo. Ndidapeza agogo ake akusenda chinangwa. Adandiyalira mphasa, natuma mwana kukagwira nkhuku, ndipo atamva chimene ndadzera adati, "Aphunzitsi, mwabwera bwino, koma mwachedwa. Mwanayu amake adatisiya, ndiye amatunga madzi ndi kuphikira azing'ono ake asadanyamuke. Wati kusukulu akumuseka. Amalume ake alandira kale mawu a banja." Mawu akuti mwachedwa ndidawanena kwa ana mazanamazana pa moyo wanga. Tsiku limenelo adandibwerera.

Lolemba lake ndidaitana aphunzitsi onse, ndipo tidatenga kaundula wa kalasi iliyonse nkulemba ndi pensulo, pambali pa dzina la mwana, mudzi wake ndi mtsinje umene amaoloka. Tidapeza kuti ochedwa ambiri ankachokera m'midzi inayi yokha, yonse kutsidya kwa dambo lomwelo. Tidagwirizana kuti chilango cha kuchedwa chizigwiridwa poweruka, ndipo ana a kutsidya asamalangidwe m'miyezi ya mvula. Mafumu adatuma anthu kudula mitengo, ndipo ulalo udagonekedwa dzinja lisadafike. Zonsezi sizidadye ndalama ya boma ngakhale tambala imodzi, ndipo zikadatheka zaka khumi m'mbuyomo ndikadayenda njirayo msanga.

Mtsikana uja ndidakumana naye patapita zaka zambiri pa msika, akugulitsa tomato, mwana ali kumsana. Adandizindikira ndisadamuzindikire, adagwada, nandiwonjezera mulu umodzi wa basela. Ndidamufunsa za ana ake. Adati woyamba ali Fomu 2, ndipo adagulitsa mbuzi ziwiri nkumugulira njinga.