Lupanga la Nsungwi: M'mene Luso la Asamurai Linalowera m'Sukulu za ku Japan

M'dziko la Japan muli nyumba zochedwa dojo, ndiko kunena kuti malo a njira. Poyamba mau amenewa anali a ansembe a Cibuda, ndipo ananena cipinda cimene ankakhalamo posinkhasinkha. Pambuyo pace ndipo anapatsidwa kwa nyumba yophunziriramo lupanga. Wolowamo abvula nsapato pakhomo, nawerama. Ophunzira akhala pansi motsata ukulu wao, ndipo iwo eni ndiwo apukuta matabwa a pansi ndi nsanza zonyowa.

Sukulu zakale za lupanga zinabadwa m'nthawi ya nkhondo. M'zaka za m'ma 1400 munthu wina dzina lace Iizasa Ienao anayambitsa ciphunzitso cace pafupi ndi kacisi wa Katori, ndipo sukuluyo ikalipo kufikira lero. Wofuna kulowamo asindikiza lumbiro lace ndi mwazi wa pa cala. Maphunziro a sukulu zotere anali ochedwa kata. Anthu awiri aimirira ndi malupanga a mtengo, nabwereza mayendedwe oikika kale, phazi lililonse ndi kutema kulikonse m'malo mwace, kufikira thupi lizolowera. M'mayendedwe ambiri otere wamkulu ndiye atenga mbali ya wogonja. Iye ayamba kuputa, natsegula mpata, nalola kuti wamng'ono amgonjetse. Mwana akali wofooka amdzera pang'onopang'ono, akakula amdzera mwaukali. Mphunzitsi aliyense amene anafunsapo mwana funso lomuyenera msinkhu wace adzazindikira nzeru imeneyi. Ndipo si nchito yapafupi, pakuti ifuna munthu wodziwa kwambiri, wosacita manyazi kugonja pamaso pa ana ace tsiku ndi tsiku.

M'caka ca 1603 Tokugawa Ieyasu anakhala shogun, ndiye kazembe wolamulira dziko m'dzina la mfumu yaikulu, ndipo banja lace linasunga mtendere zaka zoposa 250. Asamurai, amene anali fuko la ankhondo obadwa nao unkhondowo, anasanduka alembi ndi okhometsa msonkho, ngakhale anapitiriza kubvala malupanga awiri m'cuuno. Tsono kata inayamba kukhala ngati gule: yokongola, koma yosayesedwa. Cifukwa cace, ca m'ma 1711 mpaka 1715, mphunzitsi wina, Naganuma Kunisato, anakonza bwino cisoti ca mipiringidzo ya citsulo, zochinga manja, ndi lupanga la nsungwi lochedwa shinai, kuti ophunzira azimenyana ndi mphamvu zao zonse osaphana. Akulu a sukulu zakale ananyoza, namati kumeneko ndi kusewera ndi ndodo, ndi kuti munthu wosaopa kutemedwa saphunzira lupanga. Mau ao anali ndi coonadi cace. Koma acinyamata anakonda nsungwi, ndipo m'zaka za m'ma 1800 dojo ya Genbukan ya Chiba Shusaku mu mzinda wa Edo inakoka ophunzira zikwi. Chiba anacepetsa makwerero a ciphunzitso kucokera pa 8 kufika pa 3, nafotokoza ndi mau omveka zimene ena ankazibisa ngati zinsinsi.

Ulamuliro wa a Tokugawa unagwa m'1868. Boma latsopano la mfumu Meiji linafuna mfuti, sitima ndi asilikali olembedwa mwa anthu wamba, ndipo m'1876 linaletsa kuyenda ndi lupanga kwa onse, kupatula asilikali, apolisi ndi akulu obvala za ulemu wa boma. Aphunzitsi a lupanga anasauka. Kale m'1873 mmodzi wa iwo, Sakakibara Kenkichi, anali atayamba kuonetsa mipikisano ya nsungwi ku Asakusa, anthu nalipira pakhomo monga pa masewera a ogwetsana. Ambiri anati wagulitsa ulemu wa makolo. Komatu anzace anadya, ndipo luso silinafe. Cinalipulumutsa kwenikweni ndi cipanduko ca Saigo Takamori m'1877, pamene gulu la apolisi a malupanga linamenya bwino nkhondo ku Tabaruzaka. Ataona zimenezo, akulu a polisi a ku Tokyo analemba nchito akatswiri a lupanga kuti aphunzitse apolisi.

Panali ena amene anaona kuti lupanga losaphanso munthu liyenera kukhala ndi nchito yina. Yamaoka Tesshu, amene anamwalira m'1888, anaika m'dojo yace ya Shumpukan mayeso oopsa: wophunzira wotsiriza masiku 1,000 osajomba ankalimbana ndi anzace nthawi 200 tsiku limodzi, ndipo mayeso otsiriza anali nthawi 1,400 pa masiku 7. Colinga cace sicinali kudziwa wopambana. Tesshu anafuna kuti munthu atope kufikira kudzitama ndi mantha zimthere, ndipo kuti pamenepo aone cimene catsala mwa iye.

Kulowa m'sukulu kunali kobvuta. M'1884 anthu amene Unduna wa Maphunziro unawatuma kufufuza, pamodzi ndi madokotala, anakana kuti lupanga ndi kugwetsana zikhale phunziro la m'kalasi. Anati ziika ana pangozi, zikulitsa mtima wandeu, zipangizo zace ndi zodula, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'anira ana ambiri nthawi imodzi. Cifukwa cotsirizaci cinali cacikulu, pakuti dojo inazolowera kuphunzitsa munthu mmodzi mmodzi. Bungwe la Dai Nippon Butokukai, lokhazikitsidwa ku Kyoto m'1895, linakakamiza boma zaka zambiri. Koma amene anamasula mfundoyo anali aphunzitsi. Kano Jigoro, woyambitsa judo m'1882, analinso mkulu wa sukulu yaikulu yophunzitsa aphunzitsi ku Tokyo, ndipo kumeneko Takano Sasaburo anakonza njira yoimika ana m'mizere, onse nacita pamodzi pakumva liu limodzi. M'1911 boma linalola phunziroli m'sukulu zapakati, ndipo m'1912 akatswiri a sukulu zosiyanasiyana anagwirizana pa kata imodzi ya mayendedwe 10, ya lupanga lalitali 7 ndi ya lalifupi 3. Pang'ono ndi pang'ono dzina lakale lakuti kenjutsu, luso la lupanga, linasiyidwa, nakhazikika lakuti kendo, njira ya lupanga.

Mizere ija inali ndi ngozi yace. Cimene ciphunzitsidwa kwa ana 50 ndi liu limodzi cikhoza kulandidwa ndi aliyense wokhala ndi liu lalikulu. M'1931, caka cimene asilikali a Japan analanda Manchuria, kendo ndi judo zinakhala zokakamiza kwa anyamata a sukulu zapakati. Nkhondo itakula, malamulo a mpikisano anasinthidwa kuti afanane ndi kumenyana kweni kweni, ana anaturutsidwa pabwalo, ndipo ulemu umene unali wa kwa mphunzitsi ndi mnzako wolimbana naye unasandulika kumvera kosafunsa ndi kukonzekera kufera mfumu. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ku Burma m'1944 analimbana ndi gulu limene akapitao ace ankanyamula malupanga, ndipo ambiri a akapitaowo anali ataleredwa m'maphunziro amenewa.

Japan atagonja m'1945, olamulira a ku America analetsa kendo m'sukulu. Butokukai inathetsedwa m'1946, ndipo akulu ace ambiri anacotsedwa pa nchito za boma. Ena anati ciletsoco cinalanga nsungwi cifukwa ca zolakwa za akazembe. Koma sikunali kotheka kunena kuti dojo inalibe mlandu, popeza aphunzitsi ace ambiri anabvomera okha kutumikira nkhondoyo. Okonda lusoli anayamba abwera ndi masewera ofatsa ochedwa shinai kyogi m'1950, obvala malaya ndi mathalauzi, opanda mfuu ya nkhondo. Ulamuliro wa alendo utatha m'1952, bungwe latsopano la kendo la dziko lonse linakhazikitsidwa, ndipo m'zaka zotsatira phunzirolo linabwerera m'sukulu, tsopano monga masewera olimbitsa thupi. Mpikisano woyamba wa maiko onse unacitika ku Japan m'1970.

Kuyambira m'2012 ana a zaka ziwiri zoyamba za sukulu zapakati, anyamata ndi atsikana omwe, ayenera kuphunzira limodzi la maluso akalewa, ndipo sukulu iliyonse isankha yokha. Zambiri zinasankha judo. Cimodzi ca zifukwa zace ndi cija cinanenedwa m'1884: cisoti, capacifuwa ndi zochinga manja za kalasi lathunthu zifuna ndalama zambiri.