Mtunda wa Hamming pa DNA

Mtunda wa Hamming ndi chiwerengero cha malo amene mizere iwiri ya zilembo, yofanana kutalika, imasiyana. Akatswiri a za majini amaugwiritsa ntchito poyerekeza DNA, yomwe imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mizere ya ACTGGA ndi ACCGTA imasiyana pa chilembo chachitatu ndi chachisanu, choncho mtunda wake ndi 2.

Dzinali ndi la Richard Hamming, katswiri wa masamu wa ku America amene anabadwa mu 1915 n'kumwalira mu 1998. Nkhani ya DNA siinali m'maganizo mwake. Ku Bell Laboratories kumene ankagwira ntchito, makina owerengera akangopeza cholakwika ankaitaya ntchito yonse, moti zimene iye wawasiyira Lachisanu ankazipeza Lolemba zisanatheke. Anayamba kufunafuna njira yoti makinawo azizindikira pamene palakwika n'kukonza okha, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1950. Mu 1968 analandira mphoto ya Turing.

Pakompyuta ntchito yowerengera mtundawu ndi yaifupi. Pulogalamu imayamba ndi 0, imatenga zilembo ziwiriziwiri zoyang'anizana, ndipo zikasiyana imawonjezera 1 mpaka kumapeto. Mu Python mzere umodzi ukwanira: sum(a != b for a, b in zip(s, t)), pamene s ndi t ndi mizere iwiri yoyerekezedwayo. Chofunika kusamala ndi zip, chifukwa imalekera pamene pathera mzere waufupi osanena kanthu. Wolemba wosamala amayamba waona ngati mizereyo ndi yofanana kutalika.

Chiwerengero chochepa sichitanthauza kuti kusiyanako n'kopepuka. Matenda a sickle cell, amene mabanja ambiri ku Malawi ndi ku Zambia amawadziwa bwino, amayamba ndi chilembo chimodzi chokha m'jini ya HBB, pamene GAG yasanduka GTG. Mtunda wake ndi 1 basi, koma himogulobini ya m'magazi imasintha, maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa n'kumatsekereza timitsempha, ndipo mwana wotengera jini yosinthikayi kwa makolo onse awiri amamva ululu woopsa m'mafupa ndi kuchepa magazi pafupipafupi.

Njira ya Hamming imalephera chilembo chikasowa kapena china chikalowerera pakati, popeza zotsatira zonse zimasuntha n'kuoneka ngati zasiyana. Zikatero amagwiritsa ntchito mtunda wa Levenshtein wa mu 1965, kapena njira ya Needleman ndi Wunsch ya mu 1970, yomwe imayamba yandandalika mizereyo kuti igwirizane.