Moatize: Kodi Amatiyankhulira Ndani?

Abale anga a m'malire, pa wailesi yathu anthu amandifunsa kawirikawiri kuti: "Phungu wathu wa kuno ndani?" Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tayang'ana malo ndi mbiri yake.

Mzinda wa Moatize uli pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè, makilomita ngati 20 kucokera ku Tete, pa msewu wopita ku Zóbuè ndi ku Mwanza. Unakula cifukwa ca malasha ndi njanji ya ku Beira. M'mabairo ake mumamveka Cinyungwe, Cinyanja, Cisena ndi Cipwitikizi, pakuti anthu anabwera kucokera kutali kudzafuna nchito.

Nkhondo itatha mu 1992, tinavota koyamba pa zipani zambiri mu 1994. Nyumba ya Malamulo ku Maputo ili ndi aphungu 250, koma sitisankha munthu wa dera lathu monga acitira anzathu ku Mwanza. Timavotera cipani, ndipo cipanico cimalemba mndandanda umodzi wa cigawo conse ca Tete. Ndiye cifukwa cake palibe phungu amene tingamuche kuti ndi wa Moatize kapena wa Zóbuè.

Mu 1998 Moatize anakhala mmodzi mwa mamunisipiyo 33 oyamba m'dziko muno, ndipo okhala m'tauni anayamba kusankha atsogoleri awo. Caka cimeneco Renamo inakana kupikisana nawo. Mu 2018 Frelimo inalengezedwa kuti yapambana ndi mavoti ocepa kwambiri, ndipo Renamo inatsutsa zotsatirazo. Kuyambira pamenepo, woyamba pa mndandanda wa cipani copambana ndiye amakhala mtsogoleri wa munisipiyo.

Koma malire a munisipiyo amathera pafupi. Mu 2009 ndi 2010, kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe mgodi. Ena anapita ku bairo ya 25 de Setembro, ambiri anapita ku Cateme, kunja kwa tauni. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika ndi minda yosabereka. Ine ndimaona kuti munthu akamakakhala pa njanji, ndiye kuti wasowa khomo logogodapo.

Zóbuè nayenso ali kunja kwa munisipiyo. Amayang'aniridwa ndi mkulu wa boma la Moatize, amene sitimusankha ndife. Malamulo analonjeza zisankho za maboma mu 2024, koma mu 2023 aphungu anasintha lamulolo n'kuziimika kaye.

Conco voti yathu ya kumudzi imafika kwa pulezidenti, kwa aphungu ndi ku nyumba ya cigawo, kumene kuyambira 2019 kumacokeranso govenadori. Zipani zikabwera kudzapempha voti, tizifunse maina a pa mndandanda, komanso kuti mwa anthuwo ndani anapondapo ku Cateme kapena ku Zóbuè.