Mafumu Olonda Malire

Kale ku Ulaya mfumu yaikuru inali kuika nduna yolimba mtima kumalire a dziko lace, niipatsa ankhondo ndi mphamvu yoweruza milandu. Nduna yotere Ajeremani anati Markgraf, ndiko kunena kuti mbuye wa malire. Afalansa anati marquis. Koma mlonda wokhala kutali ndi mbuye wace sacedwa kusanduka mwini. Dziko la Austria linaphuka motero, kuyambira caka ca 976, pamene Leopold wa banja la Babenberg analandira malire a kum'mawa.

Zotere zinaonekanso pakati pa Acewa. Undi, atapatukana ndi Kalonga, anamanga mzinda wace ku Mano, m'dziko la Mozambique, nagawira mafumu ena maiko akutali kuti azimtumizira mitulo ya minyanga ndi zikopa. Mbali ya Mcinji, kumene kuli Dambe ndi anansi ace, inagwera Mkanda wa mfunda wa Mbewe. Popita zaka mitulo inacepa, ndipo pamene Mpwitikizi uja Gamitto anapyola dzikolo m'caka ca 1831, Mkanda anali wodzilamulira yekha.

Tsono mutu umodzi susenza denga. Angoni a Mpezeni atalowa m'dzikomo ca m'ma 1870, Undi analibenso mphamvu yomlanditsa. Mkanda anagonja, anthu ace nabalalika. M'caka ca 1898 Angerezi anathyola Mpezeni, ndipo ulonda wa malirewo unagwera boma la Fort Manning, limene pambuyo pace linalandira dzina la Mcinji.