Chithunzi chooneka bwino kapena chokhudza mtima: mkangano wakale wa ojambula

Mu February 2016, oweruza a mpikisano wa World Press Photo, womwe likulu lake lili ku Amsterdam, adasankha kukhala chithunzi chopambana pachaka chithunzi chomwe mphunzitsi wa kajambulidwe akadachipezera zifukwa zambiri. N'chakuda ndi choyera, chodzaza timadontho ngati mchenga, ndipo nkhope ya munthu amene ali pamenepo ikuoneka mwachimbuuzi. Chikuonetsa bambo akudutsitsa khanda pansi pa waya waminga pamalire a Serbia ndi Hungary. Adachijambula ndi Warren Richardson wa ku Australia pa 28 August 2015, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, pafupi ndi Röszke. Sadayatse flash chifukwa apolisi ankasakasaka anthu othawa kwawowo, ndipo kung'anima kukadawaulula. Adangodalira mwezi.

Chigamulochi chidadzutsanso funso lomwe lakhala likuzunguza ojambula kuyambira kalekale: kodi chithunzi chabwino ndi chomwe chilichonse chikuoneka bwinobwino, kapena chomwe chikumufika woona pamtima?

Mbali ziwiri za chithunzi

Akatswiri akamanena za ubwino wa kajambulidwe amatanthauza zinthu zomwe zingayezedwe: ngati chojambulidwacho chikuoneka chakuthwa, ngati kuwala kwakwanira popanda mbali zoyereratu kapena zoderatu, ngati mitundu yatuluka monga idalili, komanso ngati palibe timadontho tosokoneza. Mbali inayo ilibe sikelo. Ena amaitchula mzimu wa chithunzi. Ndi mantha, bata, chisoni kapena chimwemwe chomwe woona amamva asanayambe n'komwe kufunsa kuti ojambulidwawo ndani.

Ziwirizi sizidana nthawi zonse, koma kamera idapangidwa mwa njira yoti kawirikawiri wojambula amapereka china kuti apate chinzake. Pali zinthu zitatu zomwe zimalamula kuchuluka kwa kuwala. Choyamba ndi shutter speed, nthawi yomwe kachitseko ka m'kamera kamakhala kotsekula. Pa 1/500 ya sekondi wosewera mpira amaima nji. Pa 1/15 dzanja la wojambula likangonjenjemera pang'ono, chithunzi chonse chimatuluka mbuu. Chachiwiri ndi aperture, kukula kwa kabowo ka m'lenzi. Pa f/1.8 kabowoko n'kakakulu, kamalowetsa kuwala kochuluka, koma chooneka bwino ndi chokhacho chomwe lenzi yalunjika. Pa f/11 zapafupi ndi zakutali zomwe zimaoneka, koma kuwala kolowa kumachepa kwambiri. Chachitatu ndi ISO: ikakwera kuchoka pa 100 kufika pa 3200 kamera imaona mumdima, koma timadontho tija timachuluka.

Richardson adagwiritsa ntchito f/1.4, ISO 6400 ndi 1/5 ya sekondi, kutanthauza kuti zonse zitatu adazikankhira pafupi ndi malire. Chimbuuzi chija sichidali chokongoletsera. Udali mtengo womwe adalipira kuti pakhale chithunzi, ndipo mtengo womwewo ndi umene umamuuza woona kuti kudali mdima, anthu adali pa liwiro, ndipo aliyense mtima udali m'mwamba.

Momwe mkanganowu wayendera

Julia Margaret Cameron wa ku Britain adalandira kamera ngati mphatso mu 1863 ali ndi zaka 48. Ankajambula nkhope za anthu mosalunjikitsa kwenikweni lenzi, ndipo zina mwa zithunzi zake zinkatuluka ndi mikwingwirima ndi madontho a mankhwala otsukira. Anzake ambiri a ntchitoyi panthawiyo ankamunena kuti ndi wosasamala. Lero zithunzi zomwezo zikusungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London, ndipo amene ankamunyozawo ndi ochepa omwe akukumbukiridwa.

Mu 1932, ku California kudabadwa gulu lotchedwa Group f/64, momwe mudali Ansel Adams, Edward Weston ndi Imogen Cunningham. Dzina lenilenilo lidali uthenga: f/64 ndi kabowo kakang'ono kwambiri, komwe kamachititsa kuti chilichonse, kuyambira mwala wapafupi mpaka phiri lakutali, chioneke chakuthwa. Iwo ankatsutsa ojambula omwe ankafewetsa zithunzi dala kuti zifanane ndi zopenta pamanja. Pambuyo pake Adams, mogwirizana ndi Fred Archer, adakonza njira yotchedwa Zone System, yomwe imagawa kuwala m'magawo 11 kuchoka pa kuda bii mpaka pa kuyera mbee, kuti wojambula adziwiretu mmene gawo lililonse lidzatulukire papepala.

Komabe n'kulakwa kumuyesa Adams munthu wongowerengera manambala. Chithunzi chake chotchuka cha mwezi ukutuluka pamudzi wa Hernandez ku New Mexico, chomwe adajambula mu 1941, adachitsuka kambirimbiri kwa zaka zoposa 30. Pa makope oyambirira thambo ndi lotuwa ndipo mitambo ina ikuoneka. Pa makope a m'zaka za m'ma 1970 thambo lada bii, mwezi ndi mitanda ya pamanda zikuwala ngati zayatsidwa. Filimu idali imodzi yomweyo. Chomwe chidasintha ndi chomwe iye ankafuna kuti woona amve, ndipo luso lake lonse la zoyezayeza lidali kutumikira cholinga chimenecho.

Nkhani ya Robert Capa ndi yosiyana. Pa 6 June 1944 adatsika ndi asilikali a America pagombe la Omaha ku Normandy, ndipo zithunzi 11 zokha ndi zomwe zidadziwika kuchokera m'mawa umenewo. Zambiri n'zogwedezeka, asilikali akuoneka ngati zithunzithunzi m'madzi. Magazini ya Life idasindikiza zina mwa izo pa 19 June. Kwa zaka zambiri kunkanenedwa kuti mafilimu ena adaonongeka poumitsa ku London, ngakhale ofufuza ena kuyambira mu 2014 akhala akukayikira nkhaniyo. Chosakayikitsa n'chakuti kugwedezeka kuja ndi kumene kudapangitsa kuti zithunzizo zikhazikike m'maganizo mwa anthu monga nkhope ya tsikulo. Capa mwini adatcha buku la mbiri yake la mu 1947 Slightly Out of Focus.

Ku Japan, ojambula a magazini ya Provoke, yomwe idayamba kutuluka mu 1968, adafika pochita dala zomwe Capa zidamugwera mwangozi. Daido Moriyama ndi anzake ankatulutsa zithunzi zamadontho, zogwedezeka ndi zosalunjika pofuna kuonetsa chipwirikiti cha mzinda wa Tokyo panthawi ya zionetsero za ophunzira. Apa mpomwe pali msampha kwa otsanzira. Chimbuuzi chimagwira ntchito chikakhala ndi chifukwa chochokera m'chojambulidwacho. Chithunzi cha mkwati chotuluka mbuu masana dzuwa likuswa mtengo sichinena kanthu za chikondi. Chimangonena kuti wojambula adaphonya, ndipo eni ukwati ali ndi ufulu wokana kulipira.

Muyezo wa ndani?

Pali mfundo ina yomwe imatikhudza ife eni khungu lakuda. Mawu akuti chithunzi chatuluka bwino ali ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi zamitundu ankayeza makina awo ndi khadi la kampani ya Kodak lodziwika kuti Shirley card, pomwe padali mayi wachizungu. Khungu lake ndilo lidali muyezo. Zotsatira zake, nkhope zakuda zinkatuluka zopanda tsatanetsatane, nthawi zina maso ndi mano okha. Wofufuza wa ku Canada Lorna Roth adalemba mu 2009 kuti china mwa zomwe zidakankha kampaniyo kukonza mafilimu ake ndi madandaulo a opanga mipando yamatabwa ndi chokoleti, omwe katundu wawo wofiirira sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda.

Vutoli silidatheretu. Kachipangizo koyezera kuwala m'kamera kamayesetsa kuti chilichonse chituluke chotuwa pakatikati. Mkwati wakhungu lakuda atavala diresi loyera amakasokoneza: kamera ikatsata diresi, nkhope imada, ikatsata nkhope, diresi limayereratu mpaka maluwa osokedwapo osaonekanso. Mafoni ena amathana nazo poyeretsa khungu, zomwe ndi kuononga kwa mtundu wina. Ojambula odziwa ntchito amaimika mkwatiyo pamthunzi kapena pafupi ndi zenera, pomwe kuwala n'kofewa, m'malo momuthira flash kumaso.

Roy DeCarava, yemwe ankajambula moyo wa anthu akuda ku Harlem ndipo adatulutsa buku limodzi ndi mlakatuli Langston Hughes mu 1955, adasankha njira yakeyake. Ankagwiritsa ntchito kuwala komwe wakupeza m'nyumba kapena m'malo oimbira jazz, ndipo zithunzi zake n'zakuda kwambiri, koma mumdimamo muli magawo ambiri omwe diso limayamba kuwaona likadekha. Kutsuka chithunzi chotero kumafuna luso loposa la chithunzi chowala.

Pomwe mzimu umasanduka bodza

Kwa atolankhani pali malire. Mu June 1994, magazini a Time ndi Newsweek adaika pachikuto chithunzi chimodzimodzi cha O.J. Simpson chomwe adajambula apolisi atamumanga. Newsweek idachisiya momwe chidalili. Time idachidetsa, nkhope n'kuoneka yoopsa, ndipo magazini awiriwo ataikidwa pamodzi pamashelefu anthu adaona kusiyanako. Time idadzudzulidwa kwambiri kuti idamuweruza munthuyo ndi mdima mlandu usanayambe. Mu 2015, World Press Photo idachotsa pafupifupi 20 pa 100 ya zithunzi zomwe zidafika gawo loyandikira mapeto chifukwa chosinthidwa mopitirira muyezo pakompyuta, zina mwa izo podetsa mbali za chithunzi mpaka zinthu zomwe zidalipo kuzimiririka. Lamulo lomwe mabungwe ambiri a nkhani amatsata ndi lakuti wojambula angathe kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, koma osaonjezera kapena kuchotsa kanthu.

Foni yamakono yabweretsa vuto lotembenuka. Usiku imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chowala, moti mdima umasanduka ngati madzulo. Imakonzanso mitundu payokha: kuwala kwa kandulo, komwe kumakhala pafupifupi 1,900 pa muyezo wa Kelvin poyerekeza ndi 5,500 ya dzuwa la masana, imakuziziritsa kuti kuoneke koyera. Mwana amene akuwerenga pa kandulo magetsi atazima amatuluka ngati ali m'kalasi, ndipo nkhani yonse ya chithunzicho imatayika.

N'chimodzimodzi ndi asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi, omwe amakopa nsomba ndi nyali usiku. Chomwe chimakoka diso ndi timiyuni tija titandandalika pamadzi akuda. Wofuna kuti zituluke choncho amatsitsa yekha kuwala pafoni asanajambule, pogwira pomwe pali nyali ndi kukokera chala pansi, kapena pa kamera amachepetsa exposure ndi sitepe imodzi kapena ziwiri. Amatsamiritsa chipangizocho pamwala kapena pabwato lomwe lili pamtunda kuti chisagwedezeke, ndipo ngati chingathe kusunga chithunzi mu RAW amasankha zimenezo, chifukwa fayilo yotero imasunga zambiri za mumdima zomwe angadzazitulutse pang'ono pokonza popanda kuyeretsa usiku wonse.